Anatsika Pangolo pa Maliro a Eni

Romford, London
24 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Esnat,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Kuno tilipo. Mlamu wanu Marjorie akugwirabe ntchito kuchipatala, ine ndikusamalabe makolo a eni kunyumba ya okalamba kuja.

Chiikireni Amayi m'manda, foni yanu imangoitana osayankhidwa. Sindikukudandaulani. Ndati ndilembe papepala monga kale. Mayi Charity akutchalitchi kwathu ku Peckham akukwera ndege sabata ino, akaiponya ku positi ku Lilongwe.

Mwina mwamva kale kuti sindinabwere chifukwa cha mahatchi. Ndi zoona, koma mumve kwa ine. Kuseri kwa Romford, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda, kuli mkulu wina wachingelezi, Bambo Henderson, ali ndi khola la mahatchi. Akazi awo anali m'manja mwanga kunyumba ya okalamba. Tsiku lina anandigwira chanza n'kufunsa kuti zikhatho zolimba chonchi ndinazitenga kuti. Ndinawauza za ngolo ya Abambo ndi ng'ombe zathu zija, Bantomu ndi Jeremani. Anaseka nati, "Bwera Loweruka, udzaone ngolo yeniyeni."

Achemwali, ndi mpikisano wa ngolo. Hatchi saikwera pamsana ayi. Imakoka kangolo kopepuka ka mawilo awiri, munthu umakhala kumbuyo utagwira zingwe zitalizitali. Ndinakhala zaka zitatu ndikuwola ndowe m'khola lawo, kenako ndinalemba mayeso, mu Epulo ndinalandira laisensi yoyendetsa. Anandipatsa hatchi yaikazi yofiirira, dzina lake Copper Kettle, ine ndimangoti Ketulo. Imadana ndi mvula, imakonda makaroti, ndipo chikwapu sichifunika pa iyo. Ukangoiyankhula imamva, ngati Bantomu.

Mu Meyi munanditumizira uthenga kuti Amayi akudwala pang'ono chifuwa. Ndinati ndibwera mu Ogasiti, tchuthi chikavomerezedwa, chifukwa mpikisano wanga woyamba unali mu Juni. Tsikulo ndinakhala wachitatu. Ndinathamangira kugalimoto kuti ndikaimbire Amayi ndiwauze, n'kupeza kuti foni yadzaza ndi dzina lanu. Pamene ndinkafufuza ndege, inu munali mutayamba kale kukumba.

Ndiuzeni nkhani, chonde. Anamva ululu? Ananyamula bokosi ndani? Kodi anatchulako dzina langa?

Ndine mlongo wanu,
Flywell


Kamwendo, Mchinji
19 Julayi 2024

Flywell,

Moni ndikupatsa chifukwa Amayi sanatilere ngati agalu. Tili bwino. Alamu ako anati ndikupatse moni, ndiye ndakupatsa.

Kalata yako inagona ku positi mpaka aphunzitsi atapita kukatenga za sukulu. Ndaiwerenga kawiri. Tsopano ndikudziwa zimene Ketulo wakoyo amadya, ndiponso kuti sakonda mvula. Zikomo pondiphunzitsa.

Pamaliro anthu ankafunsa kuti mwana wamwamuna ali kuti. Ena akuti umatchova njuga pa mahatchi. A Oswald a kwa malume anati anakuona pafoni utavala chipewa ngati wakabaza. Ine ndinkangoti ndege zinadzaza. Ndinanama pamaliro a mayi anga chifukwa cha iwe.

Ndalama zako zinafika, bokosi linali labwino, anthu analiyamikira. Koma ndalama ilibe mapewa.

Wafunsa kuti ananyamula ndani. Galimoto yochokera kuchipatala inatisiya pamsewu waukulu, chifukwa mlatho wa padambo uja sunakonzedwebe. Kuchokera pamenepo Amayi anakwera ngolo. Ngolo ya Abambo yomwe ija, Flywell. Anayendetsa munthu waganyu, wokonda chikwapu, ng'ombe zikuthamanga, bokosi likugunda m'mbali uku ndi uku. Ine pambuyo ndikukuwa kuti, "Pang'onopang'ono bambo, muli munthu umo!" Mudzi wonse ukudziwa kuti woyendetsa ngolo mofatsa kuposa onse anabadwira m'nyumba mwathu. Tsiku limenelo anali kuyendetsa ya azungu.

Funso lako lomaliza sindiyankha papepala.

Ndine mchemwali wako,
Esnat


Romford, London
21 Julayi 2024

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Yankho lanu sindinalandire, mwina kalata yanga inasochera. Ndikulembanso chifukwa ndapalamula, ndipo palibe wina amene angamvetse koma inu.

Lachisanu la sabata yatha tinapita ndi Ketulo ku mpikisano wina kutali, kumalire a Wales. Bwalo lake ndi munda wa udzu, kuseri kwake kuli mpanda wa zitsamba ndi kamsewu kopita kutchalitchi. Tinalipo asanu ndi atatu. Pozungulira komaliza ndinali patsogolo. Ndinkamva kupuma kwa hatchi ya mayi wina, Sophie, pakhosi panga penipeni.

Ndiye pamwamba pa mpanda ndinaona galimoto yakuda ikuyenda pang'onopang'ono, maluwa ali padenga, anthu ochepa akuyenda pansi pambuyo pake.

Mukukumbukira tsiku lija ndili mwana, tikupita ndi fodya, titapeza masamba atayalidwa pamsewu kwa a Mwangala? Ine ndinakhalabe pangolo ndikuimba mluzu. Amayi anandikoka khutu mpaka ndinatera pansi, nati, "Wamoyo sakhala pamwamba wakufa akudutsa." Achemwali, sindinaganize chilichonse. Manja anakoka zingwe okha. Ketulo anamvera monga amamverera nthawi zonse. Ndinangozindikira ndaima pa udzu, chipewa chili m'manja.

Lamulo limati ukafuna kuima uyambe wapatukira kunja, chifukwa pambuyo pako pali anthu. Ine ndinaima pakati pa njira. Sophie anayesa kundizemba, wilo lake linakola langa, anaponyedwa pansi. Wathyoka mkono ndi fupa la paphewa. Enawo anadutsa mwa chisomo chokha.

Oyang'anira mpikisano, amene kuno amati masituwadi, andilanda laisensi podikira mlandu. Udzazengedwa mu Seputembala. Akuti ndinayendetsa moika anzanga pangozi, komanso akufuna kudziwa chifukwa chimene munthu amene akupambana angaimire. Ena akunong'ona kuti ndinalandira za anthu a njuga kuti ndigonje.

Tinabwerera ndi Bambo Henderson. Titafika pakhola anati, "Tamvera mwana wanga. Ukanene kuti unamva hatchi ikutsimphina. Woyendetsa amaloledwa kuima kuti apulumutse mwendo wa hatchi. Adzakudzudzula chifukwa chosapatuka, miyezi iwiri basi. Ukakanena za maliro adzati mutu wako suli bwino, ndipo palibe adzafunenso kuyenda pambuyo pako."

Laisensi imeneyi ndi chinthu chokhacho chimene ndapeza m'dziko lino chimene si ntchito yopukuta munthu. Koma Ketulo sanatsimphine. Ndichite chiyani?

Mlongo wanu,
Flywell


Kamwendo, Mchinji
13 Ogasiti 2024

Flywell, mwana wa Amayi,

Uli bwanji? Ukudya? Makalata athu anaphonyana panjira. Ija ndinakulembera ndili ndi mkwiyo uing'ambe, kapena Marjorie ayatsire moto, ngati kumeneko mumayatsa moto.

Nditawerenga mawu oti mlandu ndinakhala pansi pakhonde la sukulu. Wavulaza mzungu, m'dziko la azungu! Akakumanga zaka zingati? Ndinapita kwa abusa, tayamba kupemphera, koma sindinawauze za mahatchi. Ndangoti ngozi ya pamsewu.

Tsopano imva mawu a mkulu wako. Chita zimene akuuza abwana akowo. Nena kuti hatchi inatsimphina. Hatchi siidzaimirira m'khoti n'kunena kuti ukunama. Bantomu tinkamunamizira kangati kuti ndiye wadya chimanga cha eni, pamene mbuzi zathu ndizo zalowa? Anadandaulapo? Ine ndanama kale pamaliro, bodza lachiwiri lilowe pa dzina langa lomwelo, Mulungu adzandifunsa pamodzi.

Ndaika Amayi chaka chino. Sindikufuna kuti mlongo wanga ndizimuona pazenera la ndende. Ngati pakufunika loya ndiuze, ndigulitsa ng'ombe imodzi.

Undiyankhe msanga.

Esnat


Romford, London
2 Seputembala 2024

Alamu anga a Esnat,

Moni ochokera kwa ine Marjorie. Muli bwanji ndi abambo akunyumba? Pepaninso ndi zovuta zija. Ndikulemba ndili pa bureki, ndiye mukhululuke zilembo. Ndijambula kalatayi n'kutumiza pafoni ya aphunzitsi, chifukwa positi itichedwetsa.

Choyamba, ng'ombe musagulitse. Kulibe ndende, kulibe apolisi. Ndi bwalo la anthu a mahatchi okhaokha, anthu atatu, ndipo adzayankhula ndi Flywell pa Zoom, pakompyuta, ali pabalaza pathu pompano. Chimene angamulande ndi laisensi basi. Koma kwa achimwene anuwa, basi ameneyo ndi wamkulu.

Kalata yanu yoyamba sanaing'ambe. Ili m'thumba la yunifomu, amapita nayo ku shifiti. Nkhani ya bokosi kugunda m'ngolo ija imamudya. Ndikaphika amangogawa chakudya m'mbale ngati akuwerenga. Tsiku lina anagula malalanje, anakwera sitima ndi mabasi awiri kupita kwa Sophie uja. Anaima pageti, n'kubwerera nawo. Ndinati, "Nanga malalanje ayenda ulendo wonsewu kudzaona chiyani?" Sanaseke.

Walemba kale sitetimenti yonena kuti hatchi inatsimphina, monga munamulangizira inu ndi a Henderson. Inenso ndinavomereza, sindibisa. Koma pali chimene simukudziwa. Hatchi ikalembedwa kuti inatsimphina pa mpikisano, mtengo wake umagwa, ndipo a Henderson sasunga hatchi ya mbiri yoipa. Aitanitsa kale anthu ena ogula, a mtundu uja wothamangitsa mahatchi pa tala m'mawa apolisi asanadzuke. Flywell akudziwa. Loweruka amakapesa Ketulo n'kubwera maso ali ofiira, amati ndi fumbi la udzu.

Alamu, pempho langa ndi limodzi. Funso lija anakufunsani, ngati Amayi anamutchula, muyankheni. Kaya yankho ndi lowawa, kuli bwino bala loonekera. Ife kuchipatala timaopa la mkati.

Ndine mlamu wanu,
Marjorie


Romford, London
19 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji? Mvula yayandikira kumeneko, mwayamba kusosa? Mlandu watha. Ndikufotokozereni monga unayendera.

Ndinavala suti, ndinaika laputopu patebulo lodyera. Marjorie anasinthana shifiti ndi mnzake, anakhala pakona pomwe kamera siifika. Pagalasi panali timabokosi. Masituwadi atatu, wapampando wawo mayi wa imvi amene kale anali dokotala wa ziweto. Bambo Henderson m'kabokosi kawo, kamera ikuonetsa chipumi chokha. Ndi Sophie, mkono uli pachifuwa m'nsalu.

Ndinawerenga sitetimenti yanga yonse. Ndinati pokhota ndinamva mwendo wakutsogolo wakumanzere ukugwa molakwika. Mawu anatuluka bwinobwino, ndinadabwa kuti ndimatha.

Mayi uja anati, "Zikomo. Tiyeni tione vidiyo." Ine ndinali ndisanaionepo. Achemwali, ndinadziona. Munthu ataima pa udzu, chipewa pachifuwa, mutu woweramitsa, nkhope kumpanda. Kumbuyo kwake mayi akugubuduka pansi, hatchi yake ikuthawa ndi ngolo yopanda munthu, anthu akuthamanga. Iye osacheuka n'komwe. Ndikanamuona munthu ameneyo ali wina, ndikanati alibe mtima.

Wapampando anaimitsa chithunzi pomwepo. Anati, "Ndagwira miyendo ya mahatchi moyo wanga wonse. Woyendetsa akamva hatchi ikutsimphina, amathamangira kumwendo. Inu mukuyang'ana kwina. Mukuyang'ana chiyani?"

Chipumi cha Bambo Henderson chinagwedezeka. Ndinakumbukira kalata yanu, yoti hatchi siidzaimirira kunditsutsa. Ndi zoona. Pachithunzipo Ketulo anali ataima phee pambali panga, miyendo inayi yonse ili pansi, akudikira kuti ndimuuze chochita. Ndinalephera, achemwali. Ndinati, "Hatchi ilibe vuto. Kunkadutsa maliro."

Ndinawauza za masamba pamsewu, za khutu langa, ndi kuti Amayi anaikidwa ine kulibe. Kenako Sophie anafunsa kuti, "Anali maliro a ndani?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Ndiye phewa langa linathyokera munthu amene tonse sitimudziwa?" Ndinati inde, pepani. Anapukusa mutu nati, "Ngakhale dalaivala wa basi amayamba waonetsa mbali, Flywell. Mayi anga anamwalira chaka chatha, ndikumvetsa. Koma sindikufuna kukhalanso pambuyo pako chaka chino, ndipo ndikufuna zilembedwe."

Anazimitsa makamera kukakambirana. Atabwerera, wapampando anati nkhani ya njuga aichotsa. Koma pa kuima pakati pa njira, miyezi isanu ndi inayi. Pa kunamizira hatchi pamaso pawo, miyezi itatu yowonjezera. Chaka chathunthu, ndipo ndidzalembanso mayeso. Anati, "Mwambo wanu ndaulemekeza, koma pabwalo la mpikisano amoyo ndiwo amayamba."

Madzulo ndinapita kukhola. Bambo Henderson anatambasula dzanja, ndinaganiza kuti ndi moni. Ankafuna kiyi wa geti. Anati ndawachititsa manyazi, chifukwa nawonso anasaina zoti hatchi inatsimphina ndipo awalipiritsa. Ketulo sagulitsidwa, mbiri yake yayera, koma aziyendetsa wina. Anandilola kukamutsanzika. Ketulo anafufuza makaroti m'thumba langa, ndinali nditaiwala.

Tsono ndi mmenemo. Maliro a mayi anga sindinafike, ndinakaima pa a eni, n'kuthyola munthu wosalakwa, n'kunamizira nyama. Simukuyenera kundiyankha funso lija. Ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chimene mwakhalira chete.

Mlongo wanu,
Flywell


Kamwendo, Mchinji
6 Okutobala 2024

Flywell,

Uli bwanji, iwe wokanika kunama? Marjorie umupatse moni, umuuze kuti kalata yake inandipeza pamtima. Kuno kwatentha, mango ayamba kupsa pamtengo wa Amayi uja ndipo palibe wothamangitsa ana.

Ukuti ukudziwa chifukwa chimene ndakhalira chete. Sukudziwa. Ndinkaopa kuti ndikayankha funso lako, iwe undifunsa langa. Mu Meyi adokotala anali atandiuza kale kuti Amayi sachira. Ine ndinakulembera kuti akudwala pang'ono. Ukudziwa mmene timachitira, munthu wakutali sitimuuza matenda onse, kuopa angagwe panjira. Ndinkayesa kuti ukangoona kuti Esnat, amene salemba za chifuwa, walemba za chifuwa, unyamuka. Ndinaiwala kuti wakhalitsa kwa anthu amene amanena chinthu monga chilili. Ukanandifunsa kawiri ndikanakuuza. Iwe sunafunse, ine sindinanene. Mtolo umenewu tisenze awiri, wekha ukuthyola khosi.

Anakutchula. Masiku omaliza mutu unali utabwerera ku zakale, ankandiyesa mayi awo aang'ono. Koma Lachisanu masana anatsegula maso n'kufunsa bwinobwino kuti, "Kodi Flywell wamwetsa ng'ombe?" Ndinati wamwetsa. Anati, "Ameneyo sazimenya." Kenako anagona. Sanadziwe kuti kulibe, Flywell. Kwa iwo unali kudambo, ubwera dzuwa likapendeka.

Pali chinanso. Tsiku la maliro, tikuchoka kutchalitchi, aliyense pamsewu anatsika. A njinga anatsika, a ngolo anatsika, ngakhale woledzera uja wa pagolosale anavula chipewa. Koma mnyamata wina wa njinga yamoto anadutsa pa masamba osachepetsa n'komwe liwiro, fumbi lonse pa bokosi. Ndinamuyang'ana kumsana mpaka anazimiririka, ndipo mumtima ndinamupatsa dzina lako. Miyezi yonseyi ndikakuganiza ndimaona msana umenewo. Tsopano ndikuona munthu ataima pa udzu chipewa chili m'manja. Unatsika mochedwa, pamalo olakwika, pa maliro a eni, ndipo mayi wa eni wavulala. Koma unatsika.

Malalanje aja ugulenso, ndipo ulendo uno ugogode. Phewa la munthu silipola ndi kuima pageti.

Ukatero ubwere. Paja Loweruka lako lilibenso ntchito. Manda a Amayi akadali mulu wa dothi, ndipo mvula ikayamba ukokoloka. Njerwa taotcha kale, zili kutsidya kwa dambo, mlatho sunakonzedwebe. Waganyu uja ndamuletsa kukhudzanso ng'ombe zathu. Ngolo ili pansi pa mtengo wa mango, wilo limodzi laphwa, ubwere ndi pampu.

Kuno laisensi sitifunsa.

Ndine mchemwali wako,
Esnat